NDALAMA YA KU SASARE IGONE KU SASARE

Caka ndi caka, misika ya thonje, nshawa ndi cimanga ikatsegulidwa, ndalama zimalowa m'midzi ya ku Sasare ndi m'midzi yonse ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba. Mlimi amene anaswa mphanje pa dzuwa la Okutobala, napalira m'mvula ya Januwale, amalandira malipiro a thukuta lace. Koma mwezi usanathe ndalama yomweyo imakhala itakwera galimoto pa mseu wa Great East Road kunka ku Lusaka, ndipo kucokera ku Lusaka imaoloka nyanja kunka kwa eni mafakitale a maiko akutali. M'mudzi mumatsala ndowa ya pulasitiki yong'ambika, mpando wothyoka mwendo, khasu lopindika ndi nsapato yomatuka. Pa bwalo lomwelo wosula akhala pa cipala cozima moto, woumba ayang'ana nkhali zace zosagulidwa, ndipo mmisiri wa matabwa aganiza zogulitsa zida zace kuti apite ku tauni kukafuna nchito ya ulonda.

Mamembala a Cipani m'manthambi ndi m'masekishoni asaiyese nkhani yaing'ono ya pamsika. Iyi ndi nkhani ya ndale. Mtundu umene ulima ndi khasu la eni, nudya m'mbale ya eni, nukhala pa mpando wa eni, ufulu wace uli pa mbendera pokha.

MAKOLO ANALI AMISIRI

Anthu ena, makamaka amene anaonako magetsi a m'tauni, amalankhula monga ngati nzeru yopanga zinthu inadza ndi azungu. Bodza limeneli liyenera kutsutsidwa poyera. Atsamunda asanafike, Ansenga ndi anansi ao anali kusungunula miyala ya citsulo m'ng'anjo zadothi, napopa moto ndi mvukuto ya cikopa ca mbuzi, nasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Anali kulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu. Anali kupanga nyanda ndi makungwa a mitengo, kuluka malicero ndi nsungwi, mphasa ndi bango, mikeka ndi mlaza. Khasu linali ngati ndalama, pakuti munthu ankatha kusinthana nalo mbuzi, mcere kapena cakudya. Alendo a ku Ulaya amene anayenda m'mbali mwa Zambezi, monga David Livingstone amene anafika pa Zumbo mu 1856, anapeza anthu a maiko ano akusula citsulo ndi kulima thonje lao.

Nanga ng'anjo zija zinazima bwanji? Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 kampani ya British South Africa Company, imene inali kulamulira dziko lino, inaika msonkho wa nyumba wopereka ndi ndalama. Ndalama ya mzungu inali kupezeka pogwira nchito ya mzungu. Amuna a mphamvu anasiya midzi nanka ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, ndipo pambuyo pace ku migodi ya mkuwa. Pobwerako anapeza sitolo ikuwayembekeza ndi nsalu ya merikani, makasu a ku Mangalande ndi mbale zacitsulo. Ndalama imene mtsamunda anapereka ndi dzanja lamanja anailanda ndi dzanja lamanzere, theka pa msonkho, theka pa sitolo. Mwana wa wosula sanaphunzirenso nchito ya atate wace.

Anthu a ku Sasare sasowa wowafotokozera za macenjera amenewa, pakuti umboni uli m'nthaka yao. Kumpoto kwa boma la Petauke, pa Sasare pomwepo, atsamunda anatsegula mgodi wa golide m'zaka zoyambirira za ulamuliro wao. Manja okumba anali a anthu a m'midzi. Golide anapita, ndipo maenje anatsala. Mudzi umene lero utulutsa thonje ndi nshawa, nulandira pulasitiki yosweka, ukubwereza malonda omwe aja a mgodi wa Sasare, koma tsopano popanda msilikali woukakamiza.

CIMENE MULUNGUSHI INAFUNA

Zambia atalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, malemu Dr Kenneth Kaunda ndi cipani ca UNIP anaona kuti cuma cinali cikali m'manja mwa alendo. Mu Epulo 1968, pa msonkhano wa ku Mulungushi, Boma linalengeza kuti litenga gawo lalikulu m'makampani ambiri a alendo, ndipo mu Ogasiti 1969, ku Matero, linacita cimodzimodzi ndi migodi ya mkuwa. Ciphunzitso ca Umunthu cinali kunena kuti munthu ndiye mwini citukuko, ndi kuti kudyerana masuku pamutu kuyenera kutha. Mafakitale anamwazidwa m'zigawo: nsalu ku Kafue, magalasi ku Kapiri Mposhi, mabatire ku Mansa, zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga, njinga ku Chipata, ndi nsalu zina ku Mulungushi Textiles ku Kabwe, fakitale imene inamangidwa ndi cithandizo ca dziko la China. Amisiri a m'midzi sanaiwalike. Bungwe la Village Industry Service linakhazikitsidwa mu 1976, ndipo lamulo lokhazikitsa Small Industries Development Organisation linapangidwa mu 1981.

Coonadi ciyenera kunenedwa conse. Malire a Rhodesia anatsekedwa mu 1973, mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo ndalama zakunja zogulira zida za mafakitale zinasowa. Mafakitale ena anayendetsedwa mosasamala, monga ngati cuma ca Boma ciribe mwini. Anthu anagona pa mizere kuyembekeza sopo, shuga ndi mafuta ophikira. Koma akulu amene anaona zaka zimenezo acitire umboni za amene anacirikiza midzi masitolo ali gwa. Anali wosula amene anasandutsa cimbale ca pulawo cakutha kukhala khasu, ndi cipiring'i ca galimoto kukhala nkhwangwa. Anali mmisiri wa malata amene anapanga mbaula, ndowa ndi koloboyi. Anali mai woumba amene mphika wace sunafune laisensi yoitanitsira katundu kunja. Pa tsiku la mabvuto mtundu unathawira kwa amisiri ace, ndipo ndi camanyazi kuti pa tsiku la ndalama mtundu womwewo uwafulatira.

Kuyambira mu 1991, Boma la MMD litalowa, zitseko za malonda zinatsegulidwa kotheratu. Mizere inatha, ndipo ici cinali cabwino. Koma pamodzi ndi sopo ndi shuga munalowa mabelo a salaula ndi katundu wochipa wa mtundu uli wonse. Mafakitale osoka zobvala ku Livingstone anatsekedwa motsatizana. Kampani ya thonje ya Lintco inagulitsidwa mu 1994. Mulungushi Textiles inaima mu 2007. Zotsatira zace zioneka ndi maso pa msika uli wonse wa m'Cigawo ca Kum'mawa: mlimi wa thonje agulitsa thonje lace, lomwe lambiri limatumizidwa kunja, ndipo ndi ndalamayo agula malaya amene munthu wina wa ku Ulaya anabvala natopa nao. Mitengo nayo inatsata njira ya golide. M'zaka za 2014 mpaka 2017 zipika za mukula zinaturutsidwa m'nkhalango za Zambia, ndi za Kum'mawa zomwe, kunka ku China kukasanduka mipando ya mtengo wapatali, kufikira Boma linaletsa malondawo mu 2017. Mtengo wolimba unapita, ndipo mwini nkhalango akhala pa mpando wa pulasitiki.

CIKOMEKOME CA MKUYU

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Katundu wa gong'a, monga amamuchulira anthu pamsika, amapangidwa kuti akome m'maso pa tsiku logula. Wopanga sadziwa wogula, sadzamuona, ndipo sadzamva dandaulo lace. Phindu lace liri pa kusweka kwa cinthuco, cifukwa cikasweka mlimi adzagulanso cina. Cifukwa cace cinthu cochipa ciyenera kuwerengedwa mtengo wace pa zaka, osati pa tsiku limodzi. Mpando wogulidwa kanai pa zaka zinai wadya ndalama yoposa ya mpando wa mlombwa umene agogo akhalapo, nakhalaponso adzukulu.

Cinthu ca mmisiri wa m'mudzi cimakonzeka. Khasu la pa cipala likabuntha libwerera kwa wosula kukasulidwanso. Mpini ukathyoka usemedwa wina tsiku lomwelo. Licero likamasuka m'mphepete woluka alimanganso. Ngolo yoochereredwa ku Petauke kapena ku Nyimba ikathyoka, mwini adziwa khomo la amene anaipanga. Koma beseni la pulasitiki likang'ambika, manda ace ndi kuseri kwa nyumba, kumene lisunga madzi a mvula ndi kuswetsa udzudzu. Mapepala a pulasitiki amwazika m'madimba ndi m'madambo, ng'ombe ndi mbuzi ziwameza nizidwala. Boma linaona coipa cimeneci, ndipo mu 2018 linaika lamulo loletsa matumba a pulasitiki opyapyala. Dengu la nsungwi silinafunepo lamulo lotere, pakuti likatha nchito libwerera ku dothi.

Zipangizo zina za makolo ziposa za m'sitolo pa nchito yeniyeniyo. Mtsuko wadothi uziziritsa madzi m'mwezi wa Okutobala cifukwa madzi pang'ono amatulukira m'timabowo ta dothi nauma ndi mphepo, natenga kutentha. Cigubu ca pulasitiki cimawasandutsa madzi ofunda a fungo. Nyemba za mumphika wadothi ndi nsima yobvundulidwa ndi mthiko wosemedwa bwino sizifuna wozilankhulira. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'dziwe la Kariba, magetsi anali kuzima maora ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo makina ambiri m'matauni anaima. Mvukuto, kasemasema, singano ndi makina osokera opalasa ndi phazi zinapitiriza nchito.

Koposa zonsezi pali ulendo wa ndalama. Mwacitsanzo, mlimi akapereka K100 kwa mmisiri wa matabwa wa m'mudzi, mmisiriyo agula nkhuku kwa mai wamasiye, maiyo agayitsa cimanga pa cigayo, mwini cigayo alipira mnyamata womuthandiza, ndipo mnyamatayo agula nthoci ndi tomato kwa mlimi yemwe uja. Ndalama imodzi yadyetsa mabanja asanu, ndipo ikali m'mudzi. K100 yomweyo ikagula katundu wakunja, wogulitsa atsala ndi kagawo kocepa, ndipo yotsalayo yacoka tsiku lomwelo osabweranso. Dziko lonse liri monga mudzi umenewu. Katundu wakunja amalipiridwa ndi madola, ndipo dziko likagula zambiri kuposa zimene ligulitsa, kwaca imafooka, mitengo ya feteleza ndi mafuta nikwera. Zambia analephera kulipira ngongole zace zakunja mu Novembala 2020. Dola iri yonse yotayidwa pa cinthu cimene mudzi ungathe kudzipangira ndi dola yolandidwa ku mankhwala a m'cipatala.

KUYANKHA OTSUTSA

Alipo amene anena kuti wosauka agula cimene thumba lace lilola, ndipo kumuuza za mlombwa ndiko kumuseka. Mau awa ali ndi coona, ndipo palibe amene ayenera kudzudzula mai wobveka ana ace salaula pamene alibe cina. Koma wosauka ndiye amene sangathe kugula cinthu cimodzi kawiri. Ndiponso mmisiri wa m'mudzi alola zimene sitolo ya m'tauni siilola: alandira cimanga, nkhuku kapena nshawa m'malo mwa ndalama, ndipo ayembekeza mpaka kukolola. Amene ayenera kufunsidwa mlandu ndi aja a malipiro a pamwezi, ogula mbeu, ndi atsogoleri, amene ali nayo ndalama koma ayesa cinthu ca m'mudzi cocititsa manyazi pamaso pa alendo.

Ena anena kuti zimenezi ndi kubweza anthu ku nthawi ya nyanda. Iai. Palibe amene anena kuti wosula apange lamya ya m'manja, solala, mankhwala kapena injini ya cigayo. Zimene dziko silingathe kupanga ligule kunja, ndipo ligule zolimba. Mlandu uli pa khasu, nkhwangwa, mpando, citseko, bedi, dengu, mphasa, mbaula, yunifomu ya sukulu ndi desiki, zinthu zimene manja a anthu a m'maboma ano adziwa kupanga. Kuitanitsa mthiko kucokera kutsidya la nyanja, m'dziko la mitengo, ndi ulesi wa maganizo umene wabvala malaya a citukuko.

Enanso ayesa kuti nkhaniyi ndi cidani ca alendo. Umunthu sulola cidani cotero. Dziko la China linamangira Zambia ndi Tanzania njanji ya TAZARA pa nthawi imene ena anakana, ndipo ubwenzi umenewo uli m'mbiri. Mnyamata wa m'mudzi amene ayenda ndi katundu pa njinga kugulitsa m'misika sali mdani, afuna cakudya monga wina ali yense. Maiko a mafakitale acita zowakomera eni ace, ndipo phunziro ndi lakuti Zambia nayenso acite zomukomera. Amwenye a ku India, motsogoleredwa ndi Mahatma Gandhi, anakana nsalu za ku Mangalande m'zaka za m'ma 1920, napota thonje lao ndi manja, ndipo nsalu yoombedwa m'midzi inakhala cida ca nkhondo ya ufulu. Dziko la Rwanda linakweza msonkho wa zobvala zakale zocokera kunja mu 2016, ndipo silinabwerere m'mbuyo ngakhale America analilanga pa malonda a zobvala mu 2018. Anthu a ku Sasare alibe mphamvu yoika msonkho pa malire, koma ali yense ali nayo mphamvu pa thumba lace.

AMISIRI NAONSO AMVE

Kudzidalira kuli ndi mbali ziwiri, ndipo amisiri ena ndiwo athamangitsa ogula. Alipo mmisiri amene alandira cikole ca citseko m'mwezi wa Juni, namwera kacasu, citseko nicioneka mu Disembala. Alipo wopala matabwa aawisi amene apindika mwezi usanathe. Alipo telala amene asunga nsalu ya mwini mpaka ukwati utapita. Alipo woumba amene aphula mbiya pa moto zisanapse. Munthu wotere aipitsa dzina la amisiri onse, ndipo agwirira nchito fakitale yakunja popanda malipiro. Wogula sangakakamizidwe kugula cinthu coipa cifukwa cakuti capangidwa ndi mbale wace. Mmisiri asunge tsiku limene walonjeza, achule mtengo umodzi kwa wolemera ndi wosauka, ndipo cinthu cikaonongeka msanga acikonze popanda mkangano.

Amisiri akumbukirenso kuti cuma cao ndi nkhalango. Wosema amene adula mlombwa osabzala wina, woluka amene atentha nsungwi ndi bango pofuna mbewa, adula nthambi imene akhalapo. Mafumu ndi manyakwawa ali ndi mphamvu yocinjiriza madambo a bango ndi mlaza, malo okumba dothi la mbiya ndi mitengo ya matabwa, ndipo Cipani ciyenera kuwathandiza pa nchito imeneyi.

NCHITO YA MAMEMBALA

Mtsogoleri atsogolere ndi nyumba yace. Wapampando wa nthambi amene alalikira za kudzidalira atakhala pa mpando wa pulasitiki, anthu amva mpandowo kuposa mau ace. Misonkhano ya nthambi ikhale pa mabenci ndi mphasa za m'deralo.

Ndalama za citukuko ziyang'aniridwe. Mu 2022 Boma linakweza thumba la Constituency Development Fund kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu ali yense, ndipo caka comweco maphunziro aulere anadzaza masukulu ndi ana osowa pokhala. Madesiki, zitseko, mafelemu a mazenera ndi njerwa ndi nchito ya amisiri a m'deralo. Mamembala afunse m'makomiti a citukuko a m'mawadi kuti nchito zimenezi zapatsidwa kwa yani, ndipo athandize amisiri kulembetsa makopaletivu ao kuti asakanidwe cifukwa cosowa mapepala. Mutu umodzi susenza denga. Mmisiri mmodzi sangapange madesiki a sukulu yonse, koma khumi ogwirizana angathe.

Amai a m'Cipani ndiwo asunga makiyi a nyumba, ndipo mphatso za pa ukwati zipita m'manja mwao. Mkwatibwi alandire licero, mtondo ndi munsi, mthiko, cipande, mtsuko ndi mphasa, pamodzi ndi diresi yosokedwa ndi telala wa pamsika, ndipo apatsidwe zimenezi monyadira pamaso pa anthu.

Acinyamata apite ku cipala. Osula, oumba ndi oluka ambiri ndi okalamba, ndipo nzeru zao sizinalembedwe m'buku liri lonse. Nkhalamba yodziwa dothi loyenera mbiya, kapena mtundu wa moto umene ulimbitsa nkhwangwa, ikamwalira yosaphunzitsa munthu, nzeruyo ilowa nayo m'manda, ndipo madzi akatayika saoleka. Nthambi iri yonse idziwe amisiri a m'midzi yace, ndipo mmisiri ali yense akhale ndi wophunzira. Mnyamata amene aika moyo wace paciswe m'maenje a golide, kapena amene akhala pa siteshoni ya basi kuyembekeza katundu wonyamula, angathe kudya ndi nchito ya manja ace ngati anthu a kwao amgula.

Msika ulipo. Ali yense wopita ku Lusaka aona pa mlatho wa Luangwa madengu, malicero ndi mphasa ziri mbwee m'mbali mwa mseu, ndipo anthu a m'tauni ndi alendo a maiko ena amaimika magalimoto nazigula. Cimene mlendo aimikira galimoto, mwini mudzi acipyola nanka kukagula beseni. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Misika ya mbeu idzatsegulidwanso, ndipo magalimoto a katundu wonyezimira adzafikanso pa Sasare, pa Petauke ndi pa Nyimba tsiku lomwe alimi alandira ndalama. Membala ali yense asanaturutse ndalama yace adzifunse ngati palibe munthu wa m'mudzi mwace amene apanga cinthu cimeneco. Ngati alipo, apite kwa iye. Golide wa ku Sasare anatengedwa makolo alibe mphamvu yokana. Ndalama ya thonje ndi nshawa iri m'manja mwa eni ace, ndipo ikacoka m'mudzi popanda cifukwa, mlandu sudzakhala wa mtsamunda.